Dzina la Bungwe pa Intaneti: Kodi Lili M'manja mwa Yani?

Mu mzinda wa Gaborone, likulu la dziko la Botswana, nyumba zimadziwika ndi manambala a mapuloti. Maofesi a bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa la SADC ali pa puloti nambala 54385, ndipo nambala imeneyi ndi imene imalembedwa pa makalata ndi m'mabuku a boma. Koma palibe mlendo amene amatsika basi n'kuuza woyendetsa takisi kuti amupititse ku 54385. Amangoti "ku SADC", ndipo woyendetsayo, amene mzinda wonse uli m'mutu mwake, amadziwa msewu woti alowe. Munthu amakumbukira dzina pamene kaundula amafuna nambala, choncho pakati pa ziwirizi payenera kukhala wina wodziwa kuti dzina lakuti limayendera limodzi ndi nambala yakuti.

Pa intaneti nkhani ndi yomweyi. Makina olumikizidwa pa intaneti amapezana kudzera pa manambala otchedwa IP. Manambala ambiri a mu Africa muno amayamba ndi 41, 102, 105, 154, 196 kapena 197, ndipo limene limawagawa ndi bungwe la AFRINIC lomwe lili pa chilumba cha Mauritius. Koma mlangizi wa zaulimi akafuna kuona zimene boma la Botswana lalengeza salemba manambala, amangolemba gov.bw. Wofuna zikalata za SADC amalemba sadc.int. Ntchito yosandutsa dzina kukhala nambala imachitidwa ndi ndondomeko yotchedwa DNS, yomwe imayenda mwakachetechete moti anthu amaikumbukira tsiku lokhalo limene yalephera.

Ena anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya akatswiri a makompyuta a m'tauni, yosakhudza mlimi wa mtedza ku Mchinji kapena woweta ng'ombe ku Ghanzi. Maganizo oterewa ndi amene amatayitsa mabungwe ang'onoang'ono chuma chawo. Masiku ano makopaletivi, magulu a alimi ndi mabungwe a m'midzi ali ndi mayina pa intaneti, ndipo mayinawo asindikizidwa pa matumba a zokolola, pa zikwangwani ndi pa makalata opempha thandizo. Koma atsogoleri ake akafunsidwa kuti dzinalo linalembetsedwa kuti, m'dzina la yani, ndipo lidzatha liti, kawirikawiri amangoyang'anana.

Intaneti isanakule, m'zaka za m'ma 1970, mayina a makina onse ankalembedwa mu fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT. Fayiloyi inkasungidwa ku Stanford Research Institute ku California, m'manja mwa gulu lotsogozedwa ndi mayi Elizabeth Feinler. Wofuna kulembetsa makina atsopano ankadziwitsa ofesiyo, ndipo ena onse ankakopera fayiloyo nthawi ndi nthawi. Makina atachuluka, buku limodzi silinathenso kukwana, pakuti pomafika kwa womaliza limakhala litatsalira kale m'mbuyo. M'chaka cha 1983 katswiri wina, Paul Mockapetris, anakonza njira yogawa kaundulayu m'magawomagawo, kuti gawo lililonse likhale ndi woliyang'anira wake.

Njira yake ikufanana ndi momwe mlendo amapezera munthu kudera limene sanafikeko. Akafika kwa mfumu yaikulu, mfumuyo sidziwa khomo lililonse, koma imadziwa gulupu woyenera. Gulupu amamulozera kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa ndi imene imadziwa nyumba yeniyeniyo. Dzina la pa intaneti nalonso limawerengedwa chotero, kuchokera kumapeto kubwerera kumayambiriro. Foni ya munthu wa ku Gaborone ikafuna kupeza bocra.org.bw imayamba yafunsa makina a kampani yake ya mafoni, kaya ndi Mascom, Orange kapena BTC. Makinawo akakhala kuti sakudziwa, amakafunsa kumizu ya ndondomeko yonse, kumene kuli makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, odziwika ndi mayina 13 kuyambira pa A mpaka pa M. Maseva amenewa amayendetsedwa ndi mabungwe 12 ndipo ali ndi nthambi zambirimbiri padziko lonse. Iwo sadziwa za bocra, amangoyankha kuti za .bw kafunseni kwakuti. Osunga kaundula wa .bw nawo amalozera ku seva ya mwini dzina, ndipo imeneyo ndi imene imatchula nambala. Ulendo wonsewu umatha munthu asanaphethire. Yankho likapezeka limasungidwa kwa kanthawi, mwina mphindi zingapo, mwina tsiku lathunthu, kuti wofunsa wachiwiri asayendenso mtunda wonsewo. N'chifukwa chake bungwe likasintha nambala, anthu ena amaona kusinthako msanga pamene ena amachedwa.

Si anthu okha amene amafunsa njira motere. Ofunsa kwambiri ndi mapulogalamu a kompyuta, makamaka aja amene ziwalo zake zili m'malo osiyanasiyana koma zimagwira ntchito imodzi. Alimi a ziweto a ku Botswana amaidziwa bwino ntchito ya mtundu umenewu. Dzikoli limagulitsa nyama ya ng'ombe ku mayiko a ku Ulaya, ndipo ogulawo amafuna kuti mbiri ya ng'ombe iliyonse izidziwika, kuchokera kukhola mpaka kophera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 boma linayambitsa ndondomeko ya LITS, momwe ng'ombe inkamezetsedwa kachipangizo ka nambala kokhala m'chifu. Pambuyo pake m'malo mwake munalowa BAITS, yomwe imagwiritsa ntchito tizizindikiro toika kukhutu. Nambala yowerengedwa kukhola kumudzi iyenera kugwirizana ndi zimene zili mu kaundula wa unduna, ndipo ophera nyama a Botswana Meat Commission ku Lobatse, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Gaborone, ayenera kupeza mbiri yomweyo ng'ombe ikafika pachipata.

Mapulogalamu ogwira ntchito ngati imeneyi, kuphatikizapo a m'mafoni otumizira ndalama, osungira mayina a odwala ndi olembera alimi olandira zipangizo, nthawi zambiri sapatsidwa nambala ya makina aakulu. Amapatsidwa dzina. Chifukwa chake n'chakuti makina amakalamba, amawonongeka, amasamutsidwa kupita kunyumba ina kapena kukampani ina, ndipo akasamuka nambala imasintha. Kukanakhala kuti foni iliyonse ya mlangizi inasunga nambala, pakanafunika kusonkhanitsa mafoni onse m'maboma kuti akonzedwe imodziimodzi. Koma pokhala kuti inasunga dzina, katswiri amangosintha mzere umodzi mu kaundula, ndipo mafoni onse amatsatira okha. Makalata a imelo nawo amayenda chotero: mu kaundula muli mzere wapadera wotchedwa MX, wonena makina amene amalandira makalata a dzina lakutilakuti. Ngakhale mu ofesi yaing'ono, makina osindikizira amakono amalengeza okha dzina lawo pa netiweki kuti makompyuta a m'chipindamo awapeze. Mphamvu ya dzina ili pamenepa, ndipo ngozi yake ili pomwepanso, pakuti amene ali ndi chilolezo chosintha mzere umodzi uja angathe kupatutsa makalata onse a bungwe kuti azikafikira kwina.

Nanga amasunga kaundulayu ndani? Dziko lililonse lili ndi zilembo ziwiri zake: .bw ndi Botswana, .mw ndi Malawi, .zm ndi Zambia, .mz ndi Mozambique, .zw ndi Zimbabwe. M'zaka zoyambirira amene ankagawa udindo woyang'anira zilembozi anali munthu mmodzi, Jon Postel wa ku yunivesite ya Southern California, ndipo kawirikawiri ankaupereka kwa oyamba kupempha amene anali ndi luso loyendetsa makina. Mu chikalata chimene analemba mu 1994 ananenetsa kuti woyang'anira zilembo za dziko si mwini wake, koma wosungira anthu a dzikolo. Iye anamwalira mu Okutobala 1998, chaka chomwe bungwe la ICANN linakhazikitsidwa kuti lipitirize ntchitoyi.

Zilembo za .bw zinalembetsedwa mu 1993 m'dzina la University of Botswana, ndipo kwa zaka zambiri kampani ya boma ya matelefoni ya BTC ndi imene inkayendetsa makina ake. Panapita zaka 20 kuti udindowu ufike ku bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo. Bungwelo ndi Botswana Communications Regulatory Authority, mwachidule BOCRA, lomwe linayamba ntchito pa 1 Epulo 2013 m'malo mwa Botswana Telecommunications Authority, ndipo m'chaka chomwecho linalandira kaundula wa .bw. Kusinthaku kunali kwanzeru, pakuti si bwino kuti kampani imene ikupikisana ndi anzake pogulitsa intaneti ikhalenso yosunga buku limene onsewo amadalira. Ndiponso anthu a ku Botswana safunika kuphunzitsidwa za kuipa kosungitsa mabuku a dziko m'manja mwa ena: mpaka chaka cha 1965 dziko lawo linkalamulidwa kuchokera ku Mafeking, tauni ya ku South Africa yomwe lero imatchedwa Mahikeng, ndipo mzinda wa Gaborone unamangidwa pofuna kuthetsa zimenezo.

Ku Malawi zilembo za .mw zinalembetsedwa mu 1997 ndipo poyamba zinali m'manja mwa kampani yomwe si yaboma. Mu 2002 zinaperekedwa ku Malawi SDNP ya ku Blantyre, ntchito imene inayamba ndi thandizo la UNDP. Pansi pa .mw pali magawo monga org.mw, ac.mw ndi gov.mw, ndipo palinso coop.mw, gawo la makopaletivi.

Komabe kukhala ndi ofesi ya boma sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Kumapeto kwa Disembala 2020 katswiri wa chitetezo cha makompyuta wa ku Sweden, Fredrik Almroth, anaona kuti dzina lakuti scpt-network.com latha nthawi yake ndipo palibe amene walilipirira. Theka la maseva oyankha mafunso a .cd, zilembo za dziko la Democratic Republic of Congo, linkadalira dzina limenelo. Iye analigula achifwamba asanaliwone, anadziwitsa oyenera, ndipo mu Januwale 2021 analibweza. Likanagwera m'manja mwa munthu wa mtima wina, anthu ambiri ofuna mabanki ndi maofesi a boma a dziko lalikulu la mu SADC akanalozeredwa kumakomo abodza. Ngakhale kampani ya Microsoft inaiwala kulipira dzina la passport.com mu Disembala 1999, moti anthu analephera kutsegula makalata awo a Hotmail mpaka munthu wina wakunja kwa kampaniyo anapereka madola 35.

Ngati boma ndi kampani yolemera chotero angaiwale, kuli bwanji kopaletivi ya kumudzi? Zimene zimachitika n'zodziwika kwa aliyense amene wagwirapo ntchito zachitukuko. Pulojekiti ya zaka zitatu imabwera, ndipo mu ndondomeko yake ya chuma muli ndalama zotsegulira bungwe la alimi tsamba la pa intaneti. Amalemba ganyu mnyamata wodziwa makompyuta. Iye, mwina posafuna kuvutitsa komiti ndi mafomu, amalembetsa dzinalo m'dzina lake, ndi keyala yake ya imelo, n'kulipira ndi khadi lake la ku banki. Pa tsiku lokhazikitsa pamakhala zolankhulalankhula ndi magule, ndipo dzina latsopanolo limasindikizidwa pa matumba 5,000. Pulojekiti ikatha mnyamata uja amapeza ntchito ku Johannesburg. Makalata okumbutsa za malipiro amapita kwa iye, osati kwa msungichuma. Tsiku lina wogula wa kunja amatumiza kalata yofunsa mtengo wa soya ndipo kalatayo imabwerera. Iye safufuza chifukwa chake, amangoganiza kuti bungwelo linatha n'kupita kwa ena.

Cholakwika chachikulu ndi kuganiza kuti dzina la pa intaneti limagulidwa ngati mbuzi. Limachitidwa lendi ngati dimba: nyengo ikatha wosalipira amachoka, ndipo wina amalowamo ngakhale mwatsala nzimbe za woyambayo. Pa lendi imeneyi pali mbali zitatu. Pali wosunga kaundula, monga BOCRA; pali kampani yovomerezeka kulembetsa mayina m'malo mwa anthu; ndiye pali amene walembedwa kuti ndi mwini dzina. Pa mkangano uliwonse, amene amamveredwa ndi wolembedwayo, osati amene anapereka ndalama kapena amene dzina lake likumveka m'mawuwo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Dzina la bungwe lolembetsedwa kwa munthu wongodutsa ndi fodya wapachala.

Mabungwe ena amathawa zovuta zonsezi podalira Facebook ndi WhatsApp basi. Palibe wotsutsa kuti njirazi n'zotsika mtengo ndipo alimi amazidziwa kale. Koma bungwe lotero limakhala mlendo m'nyumba ya mwini, ndipo mwiniyo akhoza kutseka chitseko osafunsa. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinasowa padziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Makina osunga mauthenga sanapse kapena kubedwa. Cholakwika china pokonza netiweki ya kampaniyo chinadula njira yopita ku maseva ake a mayina, ndipo mafoni onse ofunsa njira sanapeze wowayankha. Tsiku limenelo amene anali ndi imelo ya dzina lawolawo kapena nambala ya foni yodziwika anapitiriza malonda.

Palinso ngozi ya chilembo chimodzi. Mu 2023 zinadziwika kuti kwa zaka pafupifupi 10 makalata ochuluka opita kwa asilikali a dziko la America, amene dzina lawo limathera ndi .mil, ankasochera kupita ku .ml, zilembo za dziko la Mali, chifukwa olemba ankadumpha chilembo "i". Uku kunali kulakwitsa chabe, koma akuba amachita zomwezi mwadala. Amalembetsa dzina losiyana pang'ono ndi la bungwe lodziwika, mwina posintha "l" kukhala "1" kapena org.bw kukhala .org, kenaka amalembera wogula kapena wothandiza kuti akaunti ya ku banki yasintha. Msungichuma wolandira kalata yotero ayenera kuimba foni pa nambala imene ankaidziwa kale, osati imene yalembedwa m'kalatamo.

Pa funso loti bungwe lisankhe dzina la dziko lake kapena la kunja monga .org ndi .com, yankho limadalira anthu amene likufuna kuwafikira, koma pali mfundo ziwiri zimene zimakokera ku dzina la dziko. Yoyamba ndi ndalama yolipirira. Mtengo wa dzina la .org pa chaka sufika pa mtengo wa thumba limodzi la feteleza, koma kampani yolembetsayo ikakhala ya kunja imafuna khadi lolipirira ndi madola. Bungwe la ku Malawi, kumene ndalama zakunja zakhala zikusowa ndipo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lingataye dzina osati chifukwa chosowa ndalama koma chifukwa chosowa njira yoitumizira. Mnzawo wa ku Botswana amene anasankha .bw amalipira ndi pula kwa kampani ya m'dziko momwemo. Yachiwiri ndi yakuti pakabuka mkangano pali khomo loti n'kugogoda. Wapampando angathe kukwera basi kupita ku ofesi ya BOCRA ku Gaborone atanyamula satifiketi ya bungwe lake, zimene sangachite ndi kampani ya ku Arizona.

Zoyenera kuchita si zambiri ndipo sizilira katswiri. Pa msonkhano wa komiti mlembi afunse amene anakonza tsambalo kuti aonetse chikalata cha kampani yolembetsa, pomwe palembedwa mwini dzina ndi tsiku lothera. Ngati palembedwa munthu, dzinalo lisamutsidwire ku bungwe munthuyo akadali pafupi ndipo ubale ukadali wabwino. Mawu achinsinsi olowera asakhale m'mutu mwa munthu mmodzi; alembedwe, aikidwe mu envulopu yomata, n'kusungidwa pamodzi ndi satifiketi ya bungwe ndi buku la ku banki. Tsiku lolipira lilowe mu ndondomeko ya chuma ya chaka ndi chaka ngati lendi ya nyumba yosungiramo zokolola, ndipo pulojekiti isanatseke ndi bwino kuipempha kuti ilipiriretu zaka zingapo, poti mayina a .org ndi .com amaloledwa kulipiriratu mpaka zaka 10. Mabungwe othandiza nawo asiye kuwerengera tsamba la pa intaneti ngati ntchito yotha pa tsiku lodula riboni. Pa mndandanda wa katundu wosiyira anthu, pambali pa njinga zamoto ndi makompyuta, dzina liyenera kulembedwapo.

Kanthu kamodzi kamene ngakhale odziwa amakaphonya ndi keyala yolandirira zikumbutso. Bungwe likapereka imelo yothera ndi dzina lomwelo limene likulembetsa, tsiku limene dzinalo lidzayimitsidwe imeloyo idzafa nalo limodzi, ndipo kalata yonena zoti lichite siidzafika. Pamafunika keyala yachiwiri ya kwina, imene anthu awiri a mu komiti angathe kutsegula. Pa mayina a .org ndi .com malamulo a ICANN amati kampani yolembetsa ikumbutse mwini dzina kutatsala pafupifupi mwezi umodzi, ndiponso kutatsala sabata imodzi. Tsiku likadutsa, kampaniyo ingathe kulisunga kwa milungu ingapo, kenaka imalifufuta. Likafufutidwa pamakhala masiku 30 amene mwini wake angaliwombole, koma pa mtengo wokwera kwambiri. Amenewo akatha limakhala masiku ena 5 osakhudzidwa ndi aliyense, kenaka limabwerera pamsika, kumene kuli makampani amene ntchito yawo ndi kudikira mphindi imeneyo kuti agwire mayina amene anthu anawazolowera kale n'kuwagulitsa kwa wopereka zambiri.